Hilux yomwe inakana kulira pa Kamwendo: lipoti la vuto la immobiliser

Ndine wa magetsi a galimoto, ndimagwirira ntchito mu Lilongwe. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchitoyi komanso eni magalimoto ogulidwa kwa anthu ena, makamaka ochokera ku South Africa. Galimoto yomwe ndikufotokoza pano inagona masiku anayi pa Kamwendo, m'boma la Mchinji, itasenza matumba a soya, amakanika awiri atayigwirapo kale. Pomwe ine ndinkafika mavuto anali atakwana atatu. Koma vuto lomwe linaimitsa galimotoyo linali limodzi, ndipo iyo yomwe inkalinena kuyambira m'mawa wa tsiku loyamba, kudzera pa kanyali kofiira ka pa dashibodi komwe palibe ndi mmodzi yemwe anakayang'ana.

Galimoto ndi mbiri yake

Ndi Toyota Hilux ya 2008, ya dizilo, injini ya 2.5 D-4D yomwe nambala yake ndi 2KD-FTV, magiya osintha ndi dzanja. Nambala ya chesisi imayamba ndi AHT, kutanthauza kuti inapangidwa ku South Africa, ku fakitale ya Prospecton mu Durban. Mfundo imeneyi njofunika. Ambiri a ife tinazolowera timagalimoto ta ku Japan, ndipo ena mwa timeneti, makamaka ta makiyi wamba, tinabwera opanda immobiliser, chitetezo chomwe chimaletsa injini kulira ngati galimoto siikumudziwa kiyi. Ndiye makanika akaona Toyota ya kiyi wolowetsa pa swichi, mtima wake suganizako zoti pali china chomwe chingaletse injini kulira kupatula mafuta, mpweya ndi batire. Hilux iyi inatuluka ku fakitale ili nayo immobiliser.

Mwini wake ndi bambo wogula mbewu, amazungulira midzi ya ku Mchinji nthawi yokolola kugula soya ndi mtedza. Anaigula zaka zinayi zapitazo kwa munthu wina, ndipo anapatsidwa makiyi awiri: wina wa mutu wakuda wokhala ndi mabatani a zitseko, wina wachitsulo chokhachokha. Onse awiri ankaliza galimoto. Munalinso alamu yochita kuikamo, ya kanyali ka buluu pafupi ndi chiwongolero, ndipo bamboyo ankadziwa kuti chitetezo cha galimoto yake ndi chimenecho basi.

Unali mwezi wa June, m'mawa kukuzizira. Atapotoza kiyi, sitata inapukusa injini bwinobwino koma injini sinagwire. Anyamata anaikankha kawiri pa mtsetse, osaphula kanthu.

Zomwe zinachitika ine ndisanafike

Makanika woyamba anaganiza za mahita, tizitsulo totenthetsa m'kati mwa injini ya dizilo isanalire, poti kunali chisanu. Anawayesa napeza kuti ali bwino. Kenako anasintha fyuluta ya dizilo, napopa mpweya, namasula paipi imodzi ya pa injekita, kachipangizo kothira dizilo mu injini, kuti aone ngati mafuta akufika. Pomaliza anapopera sipuleyi yolizira injini mu paipi ya mpweya, injini n'kutsokomola kwa masekondi angapo n'kuzima. Apa onse anagwirizana kuti vuto ndi mafuta, mwina pampu yafa.

Ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa sipuleyi imeneyi imanamiza anthu ambiri. Injini ya dizilo imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Mukaipatsa china chilichonse choyaka msanga, iyaka, kaya kompyuta yalola kaya yakana. Kutsokomola kuja kunangotsimikiza kuti injini ili ndi mphamvu yopanikiza mpweya ndipo mainjekita sakuthira. Chifukwa chomwe sakuthirira sichinadziwike. Komanso kupopera mankhwala amenewa pa injini yokhala ndi mahita otentha n'koopsa, ndipo kumasula paipi ya common rail, yomwe imapereka dizilo wopanikizidwa ku mainjekita, injini ikuzungulira n'koopsa koposa, pakuti mphamvu ya dizilo m'mapaipi amenewa imatha kupitirira 1,000 bar ndipo ikhoza kuboola khungu.

Makanika wachiwiri anafika tsiku lachitatu. Iyeyu anayandikira choonadi, poti anaganiza za chitetezo, koma anayang'ana chitetezo cholakwika. Anazula alamu ija, nalumikiza mawaya omwe inadula pongowapota ndi zala. Itakanabe, anati bokosi la kompyuta ya injini lapsa. Za bokosili palibe anandiuza pomwe ndinkafika, ndinazitulukira ndekha pambuyo pake.

Zomwe ndinapeza

Ndinanyamuka ndi mnyamata yemwe ndikumuphunzitsa ntchito, kudzera msewu wa M12, ndipo tinafika cha m'ma 10 koloko. Chinthu choyamba chinali batire. Linkaonetsa 11.8 V, pomwe batire lodzaza limakhala cha pa 12.6 V. Masiku anayi akulipukusa linali litatopa. Sindiyesa chilichonse cha makompyuta pa batire lofooka, chifukwa magetsi akatsika sitata ikukoka, mabokosi a makompyutawo amasiya kumvana ndipo amalemba makhodi abodza, manambala osonyeza vuto lomwe palibe. Tinaikamo batire lomwe tinabwera nalo.

Kenako ndinakhala pa mpando wa dalaivala, chitseko chotseka, kiyi ali m'manja. Kanyali kofiira ka chitetezo kankathwanima pang'onopang'ono, monga kamachitira kiyi akakhala kunja. Ndinalowetsa kiyi wa mutu wakuda. Pa Toyota ya m'badwo uwu, kiyi wolembedwa mu kompyuta akangolowa, kanyali kaja kamazima musanapotoze n'komwe. Kano kanapitiriza kuthwanima. Ndinapotoza mpaka nyali zonse za dashibodi zitayaka, kanali kakuthwanimabe. Kiyi wachitsulo uja nayenso chimodzimodzi. Ndinauza mnyamata wanga kuti akaime ku ekizozi ine ndikupukusa, ndipo sikunatuluke utsi ngakhale pang'ono.

Ndinawaitana bambo aja.

"Bambo, kanyali aka mukukaona?"

"Kameneko kamatero nthawi zonse, achimwene. Si ka alamu?"

"Ka alamu ndi ka buluu kaja achotsa. Aka n'ka galimoto yeniyeni. Kakunena kuti kiyi uyu sikakumudziwa."

Kuyesa konseku kunatenga mphindi zosakwana ziwiri ndipo sikunafune sipanala.

Momwe chitetezo chimenechi chimagwirira ntchito

Ndifotokoze mwachidule kuti zotsatirazi zimveke. M'mutu wa kiyi wa galimoto yotere mumakhala kachip kakuda, kochepera mbewu ya nyemba. Kalibe batire. Kabatire kozungulira ka m'kiyi n'ka mabatani a zitseko okha, ndipo kusintha kabatire kameneka sikuthandiza kanthu pa kiyi wa mtundu uwu galimoto ikakana kulira. Pakamwa pa swichi, pomwe kiyi amalowera, pali koyilo yozungulira ngati mphete. Kiyi akalowa amakankha kaswichi kakang'ono, ndipo bokosi la immobiliser limatumiza magetsi ku koyilo ija. Koyilo imatulutsa mphamvu ya wailesi yofooka kwambiri, cha pa 134 kHz pa timachip ta Texas Instruments tomwe Toyota inkagwiritsa ntchito, ndipo mphamvu imeneyi ndiyo imadzutsa kachip kuti kayankhe. Mphamvuyo imangofika masentimita ochepa chabe. Yankho likakhala lolondola, bokosi la immobiliser limalankhula ndi kompyuta ya injini, ndipo nawonso awiriwa ali ndi nambala yawo yomwe amadziwirana. Zonse zikagwirizana, kompyuta imalola mainjekita kuthira dizilo.

Choncho pali malo awiri ofunsana: kiyi ndi bokosi la immobiliser, kenako bokosi la immobiliser ndi kompyuta ya injini. Kanyali kaja kamanena za malo oyamba. Apa ndi pomwe pali kusiyana kwakukulu ndi alamu yochita kuikamo. Alamu imadula waya, kawirikawiri wa sitata kapena wa swichi, ndipo mukaulumikiza galimoto imalira. Immobiliser ya ku fakitale ilibe waya woti mulumikize. Chiletso chili m'kati mwa kompyuta. N'chifukwa chake kukankha sikunathandize, ndipo sikukadathandiza ngakhale akanaikoka ndi thirakitala mpaka ku Namitete.

Makhodi

Ndinalumikiza makina oyezera pa soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero. Makanika wachiwiri uja akuti anali ndi kachipangizo kolumikiza ku foni, ndipo kanamuuza kuti palibe vuto. Timeneti timawerenga makhodi a injini oyamba ndi P, koma ambiri sitilowa m'bokosi la immobiliser. Makina anga anaonetsa makhodi awiri. M'bokosi la immobiliser munali B2796, kutanthauza kuti koyilo yaitana koma palibe kachip kayankha. Mu kompyuta ya injini munali B2799, kutanthauza kuti kompyuta ndi bokosi la immobiliser sakumvana.

Ndinaganiza kuti B2799 yangobwera chifukwa cha B2796, poti kiyi akakanidwa kompyuta nayo silandira chilolezo. Ndinaisiya pambali. Maganizo amenewa anali omveka, koma anali theka la nkhani.

B2796 ili ndi magwero angapo: kiyi wopanda kachip, kachip kakufa, koyilo kapena kachipangizo kake kokweza mphamvu, mawaya apakati, kapena bokosi lenilenilo. Khodi yosiyana nayo ndi B2795, yomwe imabwera kachip kakayankha koma nambala yake n'kukhala yachilendo. Kusiyana kumeneku kumapulumutsa nthawi. Pano panalibe yankho lililonse.

Ndinayamba ndi koyilo. Ndili ndi kamphete koyesera kokhala ndi kanyali, komwe ndimakaika pakamwa pa swichi. Nditalowetsa kiyi, kanyali kake kanathwanima. Apa ndinadziwa zinthu zitatu nthawi imodzi: kaswichi kozindikira kiyi kakugwira, bokosi la immobiliser lili moyo, ndipo koyilo ikutulutsa mphamvu. Mbali yoitana inali bwino. Ndinatenga kiyi wa mutu wakuda n'kumuika m'makina owerengera timachip. Palibe chomwe anapeza.

Pomwe ndinalakwitsa

Ndinathamangira kunena kuti kachip ka m'kiyi kafa. Zimachitika, makamaka kiyi akagwa kangapo pa simenti. Ndinawauza bambo aja kuti ngati zili choncho ndiye kuti alibe kiyi wolembedwa ngakhale mmodzi, ndipo ntchito yotere njaikulu: pamafunika kufufuta bokosi la immobiliser kapena kugula lina, galimoto iyenera kukokedwa kupita ku Lilongwe, ndipo soya ayenera kupeza galimoto ina. Nkhope yawo inagwa. Anayamba kuimba mafoni kufunafuna lole.

Chomwe ndinachiphonya chinali pamaso panga. Iwo anali atandiuza kuti makiyi onse awiri ankaliza galimoto, ndipo wachiwiriyo anali chitsulo chokhachokha, wodulidwa pa msika, wopanda ngakhale malo oti kachip n'kukhalamo. Kiyi wotere sangalize Hilux iyi. Ndinamva mawuwo koma sindinawaganizire. Anandibweza pa njira ndi mnyamata wanga, yemwe anali kucheza ndi wothandizira pa galimotoyo kuseri kwa matumba. Anabwera nati, "Abwana, akuti yakhala ikuvutavuta masabata awiri, koma akamenya pansi pa chiwongolero ndi chikhatho imalira."

Ndinawafunsa bambo aja ngati zinali zoona. Anavomera, nati ankayesa kuti ndi swichi yomwe yayamba kutha, ndipo sanaone chifukwa chonenera poti nthawi ino kumenya sikunathandize. Anawonjeza kuti zinayamba atayenda maulendo angapo pa msewu wa fumbi wa mabampu, galimoto italemedwa.

Ndinatsegula mutu wa kiyi wakuda uja ndi kasikuludiraiva. Kachipinda kokhala kachip kanali kopanda kanthu, fumbi lofiira litadzazamo, lopanda chizindikiro choti munakhalapo chinthu. Kiyiyo anali chikuto chogula, chokongola kunja, koma sanakhalepo ndi kachip chiyambire.

Zomwe zinali pansi pa chiwongolero

Chikuto cha pulasitiki chapansi pa chiwongolero chimagwidwa ndi masikuluwu ochepa. Nditachitsitsa, ndinaona tepi yakuda yamagetsi itakulungidwa pa koyilo, yakale, guluu wake atasungunuka n'kusakanikirana ndi fumbi mpaka kukhala ngati phula. Mbali imodzi inali itamasuka n'kumalendewera, ndipo pa tepipo panali kachidindo ka makona anayi, pomwe panagona chinthu kwa zaka. Chinthucho chinali m'kona ya chikuto chomwe ndinali nacho m'manja, pakati pa fumbi, timapepala ta switi ndi njere ziwiri za soya. Kachip kakuda, kosongoka mbali imodzi, kathunthu.

Nkhani yonse inaoneka. Wina m'mbuyomu, mwina kiyi weniweni atathyoka mutu, anaona kuti kiyi watsopano wolembetsa ndi wodula. Anachotsa kachip n'kukamata pa koyilo kuti kiyi aliyense wodulidwa bwino azitha kuliza. Zinayenda kwa zaka. Kutentha kwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa kunafewetsa guluu, mabampu anagwedeza, kachip kanayamba kutsetsereka. Masabata awiri aja kanali kakulendewera m'malire mwa pomwe koyilo imafika, ndipo kumenya ndi chikhatho kunkakabwezera pafupi. Tsiku lomaliza kanagweratu.

Mchitidwe umenewu ndimadana nawo, ndipo ndinene poyera chifukwa ena mwa omwe amauchita ndi anzathu a ntchito yomweyi. Munthu amagula galimoto ya ndalama zambiri, ndiyo munda wake, ndiyo sukulu ya ana ake, ndipo amaigoneka pa misika ya kumidzi akukhulupirira kuti njotetezedwa. Bambo awa anayenda zaka zinayi ndi galimoto yoti aliyense wothyola swichi akanapita nayo, iwo osadziwa. Wogulitsa sanawauze. Ngati kasitomala alibe ndalama ya kiyi lero, chikuto chopanda kanthu n'chotsika mtengo, ndipo kachip kakale kamalowamo bwinobwino. Palibe chifukwa chokamatira pa koyilo.

Ndinapukuta kachip, ndinakaika m'makina owerengera, kanayankha. Ndinakalowetsa m'kachipinda ka m'mutu wa kiyi wakuda uja, n'kutseka. Nditalowetsa kiyi pa swichi, kanyali kofiira kanazima nthawi yomweyo. Izi zinandisangalatsa pa chifukwa china: pa Toyota zimenezi, kiyi wamkulu amazimitsa kanyali pompopompo, pomwe kiyi wothandizira amakasiya kali koyaka pafupifupi masekondi awiri. Kiyi wamkulu yekha ndiye amalola kulembetsa makiyi ena. Kachip kathu kanali ka kiyi wamkulu.

Anthu anali atazungulira galimoto. Ndinafufuta makhodi, ndinapotoza kiyi. Injini inazungulira, osagwira.

Vuto lachiwiri

Ndinawerenganso. B2796 inali itachoka. B2799 inabwerera yokha. Tsopano kiyi ndi bokosi la immobiliser akudziwana, koma bokosi la immobiliser ndi kompyuta ya injini ayi. Ndinaganiza za mawaya awiri omwe amalumikiza mabokosiwa, poti munthu wozula alamu uja anali atalowa ndi pulayala pansi pa dashibodi. Ndisanayambe kuyeza ndinapita kukaona kompyutayo, mbali ya pasenja. Inali yogwidwa ndi bawuti imodzi yokha, ndipo pamwamba pake panalembedwa manambala ndi penti yachikasu, momwe amalembera ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa.

"Bambo, bokosi ili ndi lanu?"

Anakanda kumutu. Anati makanika wachiwiri anabwera nalo dzulo lake kuti ayesere, atalipira chikole, ndipo itakanabe analisiya momwemo kuti mwina lithandiza wina akadzapeza vuto linalo. Lawo lenileni linali mu jumbo kuseri kwa mpando.

Kompyuta ya Hilux ina siingalize galimoto iyi pongoilumikiza, ngakhale nambala zake zifanane, chifukwa imadziwa bokosi la immobiliser la galimoto yomwe inachokera. Choncho kuyesa kuja sikukanasonyeza kanthu: bokosi lobwereka likanakana, kaya lawo linali lakupsa kaya lamoyo. Choipa n'chakuti kunabisa vuto loyamba. Wina akanapeza kachip kaja n'kukabwezera, galimoto n'kukanabe, akanati kachip si nkhani, n'kupita kukamasula pampu.

Pali njira yodziwanitsira mabokosi awiriwa pa Toyota zambiri za m'badwo uwu: kulumikiza pini 4 ndi pini 13 pa soketi ija, kuyatsa swichi osaliza, n'kudikira mphindi 30. Sindinaitsate. Choyamba, panalibe umboni uliwonse woti kompyuta yawo ili ndi vuto. Chachiwiri, pa injini iyi injekita iliyonse ili ndi khodi yake yolembedwa pamutu, ya zilembo ndi manambala 30, yomwe imasungidwa mu kompyuta kuti muyeso wa dizilo ukhale wolondola. Bokosi lobwereka linali ndi makhodi a mainjekita a galimoto ina. Ikanalira, koma ndi kugogoda kapena utsi, mpaka titalembamo makhodi onse anayi. Ndinachotsa waya wa batire, ndinabwezera kompyuta yawo, ndinamanga mabawuti ake, ndinalumikizanso batire.

Kanyali kanazima. B2799 sinabwerere. Injini inazungulira, n'kutsokomola, n'kusiya, ndipo nthawi ino ku ekizozi kunatuluka kautsi koyera. Mainjekita anali atayamba kuthira.

Vuto lachitatu linali losavuta. Fyuluta yatsopano ija inali ndi mpweya, ndipo nati ya paipi yomwe inamasulidwa tsiku loyamba sinamangidwe mokwanira, pansi pake panali ponyowa. Tinamanga nati, mnyamata anapopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka katalimba, ndipo pa ulendo wachiwiri injini inagwira. Ndinaisiya ikulira mphindi khumi ndikuyang'ana pa makina, kenako ndinaizimitsa ndi kuiliza kasanu motsatizana, ndikutulutsa kiyi nthawi iliyonse. Ndinayesanso kiyi wachitsulo uja. Kanyali kanathwanima, injini inakana, monga ziyenera kukhalira.

Ndisanatseke dashibodi ndinakonza mawaya a alamu omwe anapotedwa ndi zala. Mmodzi anali wa sitata, wonyamula magetsi ndithu, ndipo anali atayamba kale kufunda. Ndinawawotcherera n'kuwaveka timapaipi tokwinya ndi moto. Soya anafika ku Lilongwe madzulo omwewo.

Ntchito ya makiyi

Bambo aja anabwera ku galaja patapita masiku awiri, monga tinapangana. Ndinawapempha blue book ndi chiphaso chawo cha unzika, ndipo ndinafananitsa nambala ya chesisi ya pa pepala ndi ya pa galimoto. Ndimatero kwa aliyense ndisanalembe kiyi, ngakhale ndikumudziwa. Makina omwe ndimathandizira nawo mwini galimoto ndi omwewo angathandize wakuba, ndipo sindifuna kuti dzanja langa lipezeke pa galimoto ya munthu wina.

Timachip ta Toyota tili m'mibadwo ingapo ndipo sitilowana. Pa makiyi enieni pamakhala chizindikiro pa chitsulo pafupi ndi mutu, kadontho pa ena, chilembo G pa ena, H pa atsopano. Apa kiyi weniweni kunalibe, choncho ndinadalira zomwe makina anawerenga pa kachip kakale, n'kupeza kiyi watsopano wa mtundu womwewo. Tinamudula, ndipo pogwiritsa ntchito kiyi wamkulu uja ndinachita zinthu ziwiri motsatana. Ndinayamba ndi kufufuta makiyi ena onse omwe anali olembedwa m'bokosi, kupatula yemwe anali pa swichi, chifukwa galimoto yodutsa m'manja ambiri imasiya makiyi kwa anthu omwe simudzawaona. Kenako ndinalembetsa watsopano.

Ndinawauza kuti makiyi awiriwa asakhale pa mphete imodzi. Timachip tiwiri tikayandikira koyilo nthawi imodzi timayankhira pamodzi, bokosi limasokonezeka, ndipo galimoto ikhoza kukana ngakhale makiyi onse ali abwino. Kuwonjeza apo, akataya mphete imeneyo ndiye kuti ataya onse, n'kubwerera ku ntchito yodula ija ndinawaopseza nayo pa Kamwendo. Mmodzi azikhala kunyumba, m'chikwama cha mapepala a galimoto.

Anandifunsa funso lomwe ambiri amafunsa: bwanji osangochotseratu immobiliser kuti isadzavutenso? Alipo omwe amasintha pulogalamu ya m'kompyuta kuti isamafunsenso kiyi. Ndinawayankha kuti pa zonse zomwe zinachitika, palibe chipangizo cha chitetezocho chomwe chinawonongeka. Koyilo, bokosi, kompyuta, ngakhale kachip kokhala zaka m'fumbi, zonse zinapezeka zamoyo. Chinalephera ndi tepi. Anaganiza pang'ono nati tisiye momwemo.

Za alamu anasankha kuti isabwerere, poti mabatani a zitseko a pa kiyi wakale anali a alamu yomweyo ndipo anali atayamba kale kuvuta. Batire lawo titalitchaja usiku wonse linasunga moto bwino, ndipo tinalibwezera. Mahita, pampu ndi mainjekita sitinazikhudze. Pa zonse zomwe anagula masiku anayi aja, fyuluta yokha ndiyo inatsala m'galimoto.

Patapita masabata atatu ndinawaimbira kufunsa momwe ikuyendera. Anati sinakanepo, ngakhale m'mawa wa chisanu cha July, ndipo bokosi lobwereka analibweza, anawabwezera gawo la chikole. Kiyi wachitsulo uja anamupatsa wothandizira wawo, yemwe amagona pa galimoto akapita kokagula mbewu. Amatsegulira zitseko ndi kuyatsira wailesi, koma injini sailiza.